Madzi a Seveni Koloko

Pa tchuthi chachitali cha chaka chatha ndinafika kumudzi kuchokera kukoleji ya aphunzitsi masana, dzuwa litapendeka pang'ono, ndipo pakhomo sindinapezepo munthu. Ndinasiya sutikesi pakhonde n'kutsikira kudimba, popeza ndinkadziwa kuti mwezi umenewo amayi sakhala kwina. Ndinawapeza pakati penipeni pa mtsinje, atagwada pamchenga, akukumba ndi mbale yachitsulo. Pamalo pomwe anagwadapo, ine ndili mwana ndinkasambapo madzi olekeza m'chiuno.

"Mwabwera, aphunzitsi?" anatero amayi, osadzuka. "Gwirani chidebecho. Moni tipatsana madzi akatuluka."

Madziwo anatuluka pang'onopang'ono, a matope, ndipo kuti chidebe chimodzi chidzaze tinadikira nthawi yoti munthu n'kuimba nyimbo zitatu za kutchalitchi. Chidebe chimodzicho chinathirira mapando asanu ndi limodzi. Dimbalo linali ndi mapando oposa amene ndikanatha kuwerenga nditaima malo amodzi.

Mudzi wathu uli pa malo a esiteti ya tiyi, m'munsi mwa phiri. Makolo anga anadza kuno ali ana, kuchokera kutsidya kwa Muloza, ndipo munda umene esiteti inatilola kulima ndi waung'ono. Chaka chimenecho nkhokwe inali itaonetsa kale pansi. Chimanga cha m'dimba ndicho chinali kudzatiolotsa miyezi ya njala, ndipo chinali pafupi kumasula. Aliyense amene analimapo amadziwa kuti chimanga chikamasula chili ndi ludzu sichibereka, ngakhale utachithirira madzi ochuluka bwanji pambuyo pake. Amayi anati kwatsala milungu iwiri, mwina osakwana.

Ndiyenera kufotokoza za ntchito ya bambo, chifukwa vuto lonse linali pamenepo. Kumtunda, pamene mtsinje umatuluka m'matanthwe, esiteti inakumba ngalande yotengera madzi ku nazale ya tiyi. Boma linalola zimenezi, koma linalamula kuti madzi ena azitsalira anthu akumunsi. Kuti pakhale umboni, anaimika m'madzi thabwa loyera lolembedwa mainchesi, pang'ono chabe kumunsi kwa pakamwa pa ngalandeyo, ndipo pa inchesi yachisanu ndi chitatu anajambulapo mzere wofiira. Madzi sanayenera kutsika kupyola mzerewo. Wowerenga thabwalo anali bambo. Sadziwa kulemba mawu, koma manambala amawalemba mooneka bwino kuposa ine. Anawaphunzira ku Likhubula ali mnyamata, pamene ankasenza matabwa a mkungudza kuchokera pamwamba pa phiri, ndipo kumeneko n'kumene anasiyanso bondo lawo lakumanja. M'mawa uliwonse ankakwera njira yamiyala, ulendo wa ola limodzi, kuti chitsulo cha seveni koloko chikamalira kufakitale iwo akhale atayang'ana thabwa. Akalemba nambala m'buku ankatsika kukagwira ntchito yokonza misewu ya m'minda ya tiyi.

Titabwerera kunyumba tsikulo tinawapeza atakhala pakhonde, mwendo atautambasula.

"Lero mwalemba zingati, bambo a ana?" anafunsa amayi akutula chidebe.

"Fotini."

"Fotini! Mwamva, aphunzitsi? Mtsinje uli ndi fotini. Mawa mukathirire chimanga ndi fotini wa bambo anu."

"Ine ndimalemba zimene ndaona," anatero bambo.

"Mumaona madzi a seveni koloko. Chimanga changa chimamwa madzi a seveni koloko?"

Bambo anang'ung'udza mawu ena m'Chilomwe, monga amachitira akatopa, n'kuyamba kusisita bondo. Pambuyo pake ndinamva kuti amayi ndi anzawo a m'madimba anali atapita kale kawiri kuofesi kukadandaula. Maulendo onse awiri anawatsegulira buku lomwelo, ndipo anawaonetsa manambala olembedwa ndi dzanja la mwamuna wa amayi, amene ankatsogolera madandaulowo. Palibe tsiku limene madzi anafika pa mzere wofiira.

M'mawa mwake ndinakwera nawo. Chitsulo chitalira, madzi analidi pa mainchesi khumi ndi anayi, ozizira, oyera, akuthamanga bwino. Bambo analemba n'kutsika. Ine ndinatsala.

Cha m'ma naini koloko kunabwera kapitawo wa ku nazale, mkulu wa mpingo mnzawo wa bambo, atasenza thabwa lalitali ndi antchito awiri. Analipingasa mumtsinje pakati pa miyala iwiri, n'kutseka m'mipata ndi masaka a mchenga. Madzi onse anakhotera m'ngalande.

"Mwana wa sukulu wabwera kudzatiyesa mayeso?" anatero kapitawo. "Ulembe kuti ndakhoza."

"Akapitawo, kodi thabwali mumaika tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, mwananga. Nazale anaikuza kawiri, ngalande ndi yomwe ija. Mbande zikafa, woyamba kufota ndine. Dzuwa likamalowa ndimachotsa, chifukwa usiku madzi angakokolole mabedi."

Ndinakhala pamwala mpaka chitsulo cha filii koloko. Masana madzi anali pa mainchesi atatu. Pochoka ine, ankangonyambita kunsi kwa thabwa loyera lija. Tsono ndinamvetsa zonse. Usiku mtsinje unkadzaza, koma madimba athu ali kutali kumunsi, ndipo mchenga wouma unkayamba wamwa madziwo asanafike kwa ife. Akangofika, thabwa la kapitawo linali litaikidwanso kale. Madimba oyambirira ankalandira madzi a ola limodzi. La amayi ndi lomalizira.

Bambo ankadziwa zonsezi. Nditawafunsa chifukwa chake sananene, anati: "Ndinanena kwa akalaliki. Anandifunsa kuti anandilemba ntchito yoyang'ana nthawi yanji. Ndinati seveni. Anati nanga za masana mwaziona pa ntchito ya ndani?"

Kukoleji tili ndi mphunzitsi wa sayansi, mzungu wachikulire amene pa nthawi ya nkhondo ankagwira ntchito ya mawailesi. Amakonda kutiphunzitsa zinthu zimene sizibwera pa mayeso. Tsiku lina anamangirira mwala ku chingwe, naupachika pa mtanda wa denga, naukankha kuti uzipita uku ndi uku. Anatiuza kuti titsinzine, tiziphethira pokhapokha iye akaomba m'manja. Ndiye ankaomba nthawi iliyonse imene mwalawo wafika kumanzere. Titaphethira kakhumi anafunsa chimene mwalawo unali kuchita, ndipo mmene maso athu anaonera, unali utangoima kumanzere. Kenaka anachedwetsa kuombako pang'ono chabe, ndipo mwalawo unaoneka ngati ukuyenda mwaulesi, ulendo umodzi wautali, pamene unali utapita ndi kubwera kambirimbiri. Lamulo lake anatilembera pa bolodi: chinthu chimene chimapita ndi kubwera, uyenera kuchiyang'ana koposa kawiri pa ulendo uliwonse wopita ndi kubwera. Ukachepetsa pamenepo, sikuti umaona zochepa ayi; umaona chinthu china chimene kulibe.

Mlungu wotsatira anatitengera pa bwalo la mpira. Anajambula mizere iwiri yoyandikana pa khadi, nalikhoma pa mtengo wa golo, natiuza kuti tibwerere chambuyo. Tisanafike pakati pa bwalo, mizere iwiri ija inali itasanduka umodzi. Anatipatsa galasi loonera patali, ndipo inakhalanso iwiri. Koma anati galasi lililonse lili ndi polekezera pake. Kuwala kumayenda ngati mafunde aang'ono kwambiri, ndipo mafundewo akamadutsa pakamwa pa galasi amamwazika pang'ono. Galasi lokula pakamwa limawamwaza pang'ono, lochepa pakamwa limawamwaza kwambiri. Ukafika polekezera pamenepo, kukulitsa chithunzi sikuthandiza. Umangopeza chimbuuzi chachikulu m'malo mwa chaching'ono. Anati ngakhale makina a kuchipatala oonera tizilombo ta m'magazi sangathe kulekanitsa tinthu tiwiri toyandikana kuposa pafupifupi theka la funde limodzi la kuwala. Pomaliza ananena kuti malamulo awiriwa ndi apachibale, poti onse ali ndi theka m'kati mwake: lina likunena za nthawi, lina za mtunda.

Ndinalemba zonsezi m'kope mwaudongo. Ndinayesanso kuzitembenuza m'Chinyanja chabwino, popeza palibe buku la chinenero chathu limene linazifotokozapo, ndipo ndinkanyadira ntchitoyo. Sindinaganizepo kuti mwala uja ndidzaupeza mumtsinje wa kwathu. Mtsinjewo unali kukwera ndi kutsika kamodzi pa tsiku, ndipo bambo ankaphethira kamodzi pa tsiku, nthawi yomweyomweyo, chitsulo chikaomba m'manja.

Ndinayamba ndi kalaliki wa muofesi. Anandimvetsera mwaulemu, ndipo sanatsutse chilichonse. Nditamaliza anatulutsa pepala losindikizidwa limene ankakoperamo manambala a bambo potumiza kuboma.

"Achimwene, taonani apa," anatero. "Lolemba, bokosi limodzi. Lachiwiri, bokosi limodzi. Nambala yanu yachiwiriyo ndiika pati? Padenga?"

"Mungathe kulemba m'mbali."

"M'mbali amasainamo bwana. Mukufuna ndilembe pa mutu pa bwana?"

Ndinalemba kalata ya Chingerezi yopempha kuonana ndi bwana mwiniwake. Bambo sanakondwe nayo. Anthu okhala pa malo a esiteti amadziwa kuti nyumba imene akugonamo ili pa dothi la wina, ndipo munthu wovuta angathe kuuzidwa kuti asamuke. Komabe tsiku limene yankho linabwera, patapita masiku atatu, anavala jekete lawo lakutchalitchi n'kunena kuti, "Buku ndi langa. Sungapite wekha." Masiku atatu amenewo ngayaye zoyamba zinali zitatuluka m'dimba.

Bwanayo anatilandirira pakhonde la nyumba yake. Sanali munthu waukali. Anali wowonda, wa maso achikasu ngati amene wangodzuka ku malungo, ndipo ankaoneka wotopa monga ife tomwe. Ndinalankhula naye m'Chingerezi, bambo ataima pambuyo panga chipewa chili m'manja.

"Ngalande imatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a mtsinje," anatero. "Ndinayeza ndekha."

"Munayeza liti, bwana?"

"Chaka chimene tinakumba." Kenaka anaonjeza kuti, "Buku likugwirizana nane. Kapena ukunena kuti bambo ako amalemba zabodza?"

"Salemba zabodza, bwana. Nambala iliyonse ndi yoona. Koma onse ndi a seveni koloko."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi magalasi oonera patali, a maso awiri, akuda, otha utoto m'mbali. Anati masana aliwonse akamamwa tiyi amayang'ana kumtsinje, ndipo madzi amawaona. Anandipatsa kuti ndidzionere ndekha. Inali nthawi yoposa thuu koloko.

Ndinayang'ana. Pakati pa mitengo, kutali ndithu, panali ulusi woyera ukunyezimira. Kunena zoona, kwa kanthawi mtima wanga unagwa, chifukwa anali madzi ndithu, ndipo anali pamalo pamene mtsinje umadutsa. Kenaka ndinazindikira malowo. Mtsinje wonse ndi wobisika ndi mitengo kupatula chigawo chimodzi, ndipo pa chigawo chimenecho ngalande imayenda mogundana ndi mtsinje isanakhotere ku nazale. Zimalekanitsidwa ndi kakhoma kamiyala kopingasa ngati mkono wa munthu. Khonde la bwana silikwera kwenikweni kuposa malowo, kotero munthu amawaonera cham'mbali, monga mmene ungaonere mbale ili pa thebulo utagwada pansi. Ngalande yodzaza ndi mtsinje wouma zinali zitasanduka mzere umodzi. Pamwamba pa izo, mpweya wotentha unali kuvina, ndipo utsi wa moto wa m'tchire unali ponseponse. Polekezera pa m'kope langa paja mpa galasi langwiro mu mpweya wodekha. Pathu pankafika msanga kuposa pamenepo.

Ndinapempha pepala ndi cholembera. Ndinajambula mizere iwiri yoyandikana, n'kupempha bambo kuti apite nalo pepalalo kumapeto kwa kapinga. Anapita akutsimphina, osadziwa chifukwa chake, ndipo anaima pamene ndinawakodola atalikweza m'mwamba. Sindiiwala mmene anaimira pakapingapo, munthu wamkulu m'jekete lakutchalitchi, atanyamula pepala kuti mwana wawo aonetse mzungu zimene anaphunzira kusukulu.

"Mizere ingati, bwana?"

Bwanayo anaseka pang'ono, kuseka kosatuluka mawu. "Ndikudziwa chimene ukuchita. Ndinali ku nkhondo, mnyamata. Ndinaonapo magalimoto awiri ali ngati imodzi." Anayang'ananso kumtsinje ndi magalasi ake kwa nthawi yaitali. "Koma sindingatseke madzi a nazale chifukwa cha mizere ya papepala. Undibweretsere manambala. Ola lililonse, masiku asanu ndi limodzi, bambo ako asaine."

"Bwana, chimanga chikumasula."

"Masiku asanu ndi limodzi," anabwereza. Anaitanitsa wotchi yakukhitchini, yaikulu, ya belu pamwamba, nandibwereka.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati tsiku limodzi lalitali. Ndinkakwera ndi bambo m'mawa, wotchi ili m'thumba la nsalu, ndipo ndinkakhala pamwala womwe uja mpaka dzuwa kupendeka. Ntchito yake inali yopepuka moti inkatopetsa: kuyang'ana thabwa, kulemba nambala, kudikira ola lina. Kapitawo sanasinthe kanthu. Ankabwera ndi thabwa lake pa nthawi yake, ndipo tsiku lachitatu anandigawira mbatata yootcha.

"Lemba bwino, mwananga," anatero. "Bwana akanena ndi pakamwa pake kuti ndichotse, mbande zikafa si mlandu wanga. Nanenso mlongo wanga ali ndi dimba kumunsiko. Ukuyesa amandipatsa moni?"

Pamwala pamenepo ndinali ndi nthawi yochuluka yoganiza za malamulo awiri aja, ndipo ndinayamba kuona kuti mphunzitsi wathu anatiuza za chibale chawo koma sanatiuze kusiyana kwawo. Galasi likafika polekezera, limachita chimbuuzi. Zinthu ziwiri zimakhala chimodzi, inde, koma chimodzicho chimakhala chosamveka m'mbali, ndipo munthu wosamala angathe kukayikira n'kunena kuti, apa sindikuona bwino. Buku la bambo linalibe chimbuuzi chilichonse. Fotini, fetini, fotini, manambala oima bwino, olembedwa ndi munthu woopa Mulungu. Kuyang'ana mwa apo ndi apo sikukuchenjeza kuti wafika polekezera. Kumakupatsa mtsinje wina wathunthu, wodekha, wosatsika, ndipo ungathe kuutumiza kuboma mwezi ndi mwezi. Ndinaonanso kuti polekezera pa galasi anapaika ndi kuwala kumene, ndipo palibe bwana amene angalamule kuti pasunthe, pamene polekezera pa buku anapaika ndi munthu amene anasindikiza pepala la bokosi limodzi. Koma mankhwala a zonse ziwiri, kwa ife amene tilibe makina, anali amodzi: miyendo. Woona chimbuuzi ayandikire. Woyang'ana kamodzi abwerenso. Pa nthawiyo sindinafunse kuti miyendoyo idzakhala ya ndani.

Ndikatsika ndinkapita kudimba kukathandiza amayi kukumba mchenga. Masamba a chimanga ankapiringizika dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ngayaye zinali kuuma zisanagwetse ufa wake. Amayi analeka kunditchula aphunzitsi. Ankangondipatsa chidebe n'kuloza mzere woti ndithirire. Anali atasankha mizere inayi yapafupi ndi mtsinje kuti ndiyo ipulumuke, ndipo inayo sankaiyang'ananso.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri tinabwerera kukhonde kuja. Ndinali nditajambula manambala onse pa pepala lalikulu monga anatiphunzitsira kukoleji, ndipo chithunzicho chinaoneka ngati mano a sowo: kukwera, kugwa, kukwera, kugwa. Manambala a seveni koloko ndinawazunguliza ndi inki yofiira. Bwanayo anaika chala pa loyamba n'kuchiyendetsa mpaka pa lomaliza. Chinayenda mzere woongoka, pamwamba pa mano onse. Kunsi kwake, masana aliwonse, madzi anali pansi pa mzere wofiira kwa maola ambiri.

Sanapepese, ndipo sindinayembekeze kuti apepese. Anaitana kapitawo ndi kalaliki. Analamula kuti thabwa lopingasa lija lisaikidwe konse Lachitatu ndi Lamulungu, ndipo masiku ena lizichotsedwa chitsulo cha masana chikalira. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Tsono lamulo la mphunzitsi wakolo likuti thabwa liziwerengedwa kangati pa tsiku? Osati zokongoletsa. Pochepetsetsa."

Ndinkadziwa yankho lolondola. Lamulo limati koposa kawiri, osati kawiri. Munthu atayang'ana kawiri pa nthawi zimene madzi ali pakatikati, angathe kupezanso mzere woongoka. Ndiponso mtsinje umene umagwa mwadzidzidzi thabwa likaikidwa suli ngati mwala wa pachingwe umene umayenda mofatsa. Umafuna kuuyang'ana kambiri ndithu. Koma pofika pamenepo ndinali nditazindikira amene adzakwere phirilo. Bambo anali ataima pomwe paja, thupi lonse litatsamira mwendo wakumanzere.

"Kawiri, bwana," ndinatero. "M'mawa ndi filii koloko."

"Kawiri," anatero bwana kwa kalaliki.

"Nanga bokosi, bwana?"

"Lidule pakati ndi rula."

Madzi anafika m'dimba la amayi Lachitatu lotsatira, masana, akukankha masamba ouma ndi zinyalala patsogolo pake. Amayi anaima m'mbali mwa kangalande kawo khasu lili m'manja, akungowatsegulira njira mzere ndi mzere. Anathirira ndi mizere ija anaitaya kale. Madimba a anthu amene anabzala mochedwa anapindula kwambiri, ndipo amayi ena awiri anabwera kunyumba ndi nkhuku kudzathokoza. Amayi anailandira, nati, "Muthokoze wotchi."

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndibwerere kukoleji, amayi ananditengera m'dimba kukasenda chimanga choti tione. Cha m'mizere inayi ija chinali chodzaza, ngakhale chinali chachifupi. Kwinako tinasenda zitsononkho zisanu. Ziwiri zinalibe kanthu konse, ndipo zitatu zinali ndi njere apa ndi apo, ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

"Chifika mwezi wa Khirisimasi," anatero amayi. "Kupitirira pamenepo, chinangwa cha kwa achemwali anga." Anaponya chitsononkho m'madzi amene tsopano anali kuyenda bwino. "Chaka chamawa mudzabwere msanga, aphunzitsi. Muwapemphe akutsekereni sukulu chimanga chisanamasule."

Masana a tsiku lomwelo ndinaperekeza bambo pa ulendo wawo wachiwiri. Ankaweruka pa ntchito ya misewu wani koloko, dzuwa likuswa mtengo, n'kuyamba kukwera njira yomwe anaikwera m'mawa. Malipiro sanasinthe, popeza ntchito yowerenga thabwa inali imodzi yomweyo. Tinapuma katatu. Pa kupuma kwachitatu anakhala pa muzu wa mtengo n'kumasula nsalu imene anali atamanga pabondo.

"Ababa, ndikanati ndinene kuti awerenge wina," ndinatero.

"Wina ndani? Wina akalemba zimene kapitawo wamuuza. Amayi ako akhulupirira dzanja langa lokha, ngakhale amalinyoza." Anamanganso nsaluyo. "Kodi buku lakolo linatidi kawiri?"

Sindinafune kuwanamiza. "Linati koposa kawiri."

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye unamubera bwana! Wachita bwino. Ukanati katatu, akanamandikweza kuno pa machira."

Tinafika chitsulo chisanalire, ndipo tinadikira. Chitalira, bambo anawerama, nayang'ana thabwa nthawi yaitali monga amachitira, kuti madzi akhazikike m'maso mwawo. Anali pa mainchesi asanu ndi anayi, inchesi imodzi pamwamba pa mzere wofiira. Anatsegula buku. Kalaliki anali atadula ndi rula mabokosi onse a mweziwo, m'bukumonso monga pa pepala lija, ndipo theka lakunsi linali laling'ono kwambiri kwa munthu amene anaphunzira manambala pa matabwa a mkungudza. Ananyowetsa pensulo ndi lilime, nalemba naini wamng'ono mosamala, kuti mchira wake usatuluke m'bokosi.

Potsika ankayenda cham'mbali, mwendo wabwino patsogolo. Ndinawanyamulira buku. Tinafika kunyumba mochedwa moti m'mawa mwake ndinalongedza sutikesi mothamanga, ndipo lole yopita ku Nkando inatsala pang'ono kundisiya.

Kuno kukoleji belu lolowera m'kalasi la masana limalira filii koloko. Mphunzitsi wa sayansi nditamufotokozera nkhaniyi anakondwa kwambiri, ndipo anandipempha pepala la mano a sowo lija kuti azionetsa ophunzira a chaka choyamba. Ndinamupatsa. Anafunsa za kukula kwa magalasi a bwana, za mtunda wochokera pakhonde, ndi za nthawi imene thabwa linkaikidwa. Ndinayankha zonse monga ndikudziwira. Za bondo sanafunse, poti sindinamuuze.